Mlendo Akamatuluka M'chikuta

Pa chilankhulo chathu mwana akabadwa timati m'banja mwafika mlendo. Mau amenewa ngoyenera, pakuti khanda limafika pakati pathu lisakudziwa kanthu za dziko lino: silidziwa mphepo ya mwezi wa Juni, silidziwa fumbi la pamsika, ndipo thupi lake silinakumanepo ndi matenda amene ife akuluakulu tidawazolowera kale. Koma makolo athu omwewo amene adatcha khanda mlendo adatisiyiranso mwambi wakuti mlendo ndi mame, ndipo tonse tikudziwa kuti mame sachedwa kuuma dzuwa likakwera. Ife ansembe, amene timaitanidwa kukabatiza ana ndiponso kukatsogolera mapemphero pa timanda tating'onoting'ono, timaudziwa ululu wa mwambi umenewu. Nchifukwa chake mwezi uno tafuna kuti tisinkhesinkhe pamodzi funso limene limasautsa mabanja ambiri m'maparishi athu. Kodi khanda tingalitulutse liti pagulu? Nanga tingalitulutse motani kuti libwerere kunyumba lili bwino?

Tiyambe ndi kudziwa kukula kwake kwa nkhaniyi. Bungwe la World Health Organization, limene limayang'anira za umoyo pa dziko lonse, lidawerengera kuti m'chaka cha 2022 makanda pafupifupi 2.3 miliyoni adamwalira asanakwanitse masiku 28, ndipo mwa makanda anayi alionse otere, atatu amamwalira m'sabata yoyamba. Ambiri amafa chifukwa chobadwa masiku asanakwane kapena chifukwa cha zovuta za pobereka, zimene ife anthu wamba sitingachitepo zambiri. Koma ena amafa ndi matenda opatsirana monga chibayo ndi matenda olowa m'magazi, ndipo pamenepa manja athu, mpweya wathu ndi maulendo athu zili ndi mbali yake.

Khanda nlosiyana ndi mwana amene wayamba kukwawa. Chitetezo chimene lili nacho m'thupi nchobwereka: lidachilandira kwa mai ake m'miyezi yomaliza ya pakati, ndipo limachilandirabe kudzera m'bere, makamaka mu mkaka woyamba wachikasu uja umene ena amaufinyira pansi poganiza kuti ngoipa. Njira zake zopumira nzazing'ono kwambiri, motero chimfine chimene munthu wamkulu amapita nacho kumunda chingathe kulitsekereza mpweya ndi kulilepheretsa kuyamwa. Thupi lake silinaphunzire kusunga kutentha. Liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, koma limazizidwa msanga, makamaka mutu ukakhala pamtunda, ndipo limatenthedwanso msanga likafunditsidwa mopitirira. Ameneyu ndiye mlendo amene tifuna kupita naye kumsika, kuukwati, kumaliro ndi kutchalitchi.

Makolo athu sadaphunzire za tizilombo tosaoneka ndi maso, koma adali ndi maso openya. Mai akachira ankakhala m'chikuta pamodzi ndi khanda lake mpaka mchombo utagwa, ndipo izi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. M'nyumbamo simunkalowa munthu wamba. Munkalowa azamba ndi amai akuluakulu owerengeka. Ankati khanda nlozizira ndipo anthu ena ngotentha, motero sayenera kulikhudza. Mchombo ukagwa ndi pamene ankalimeta, kulitcha dzina ndi kulitulutsa kuti mudzi ulione. Ngakhale pamenepo silinkangoyendetsedwa paliponse mpaka mwambo wotenga mwana utachitika. Tingathe kusiyana nawo makolo athu pa kafotokozedwe ka zifukwa, koma mfundo yaikulu adaigwira: si dzanja lililonse limene liyenera kufika pa khanda, ndipo si tsiku lililonse limene liyenera kutuluka. Mau a akuluakulu akoma akagonera. Lero anamwino akutiuza zomwezo m'chilankhulo china.

Komabe m'chikuta momwemo mudalinso zina zimene tiyenera kuzisiya mosazengereza. Kupaka phulusa, dothi, ndowe kapena zitsamba pa mchombo kumatsegulira njira kafumbata ndi matenda ena olowa m'magazi. Mchombo ufunika kukhala woyera ndi wouma, ndipo pasapakidwe kanthu kupatula mankhwala amene a chipatala apereka. Kumwetsa khanda madzi a mizu kuti likhwime lisanatuluke kumalowetsa m'mimba mwake zomwe tikufuna kuliteteza nazo. Choopsa china ndi ichi: khanda likadwala, banja limakhala pansi kufufuza amene wachita mdulo, bambo akuloza mai, apongozi akuloza mkamwini, dzuwa nkumapendeka, mwana nkumafooka. Mlandu ungathe kudikira. Khanda lotentha thupi silingadikire.

Malembo Oyera nawonso amaidziwa nthawi yodikira imeneyi. Mutu 12 wa buku la Levitiko udalamula kuti mai amene wabala mwana wamwamuna akhale masiku 40 asanafike kumalo oyera, ndipo wobala mwana wamkazi akhale masiku 80. Luka Woyera, m'mutu 2 wa Mthenga wake, akusimba kuti masiku amenewa atatha Maria ndi Yosefe adapita ndi Yesu ku Yerusalemu kukampereka kwa Mulungu, atatenga mbalame ziwiri, imene idali nsembe ya anthu osauka. Nchifukwa chake Mpingo umachita chaka chimenechi pa 2 Febuluwale, patapita masiku 40 kuchokera pa Khrisimasi. Lamulo la Mose lidali la chipembedzo, silidali la chipatala, komabe nkosangalatsa kuona kuti masiku 40 ndi pafupifupi masabata 6, nthawi yomwe khanda la masiku ano limalandira katemera wake woyamba wa kusikelo. Ngati Banja Loyera silidachite manyazi kudikira, ife tifulumiriranji? Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tikudziwa amai ambiri achikhristu amene mtima umawatsutsa akajomba Misa ya Lamulungu chifukwa cha khanda. Tifuna kuwatsimikizira kuti Mpingo suwasenzetsa katundu ameneyu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka m'chaka cha 1992, pa nambala 2181 amatchula matenda ndi kusamalira makanda ngati zifukwa zomveka zolepherera kupita ku Misa. Mai amene watsala kunyumba kuti ayamwitse ndi kufunditsa mwana wa masabata awiri sadachimwe konse. Akugwira ntchito imene Mulungu mwini wake wampatsa. Za ubatizo, Malamulo a Mpingo a chaka cha 1983, pa nambala 867, amapempha makolo kuti abatizitse ana awo m'masabata oyambirira, ndipo nkwabwino kuonana ndi bambo mfumu kapena akatekisiti msanga, ngakhale mwana asanabadwe, kuti tsiku likonzedwe bwino. Ubatizo sulira chinamtindi cha anthu. Ulira madzi, mau ndi chikhulupiriro. Ndipo khanda likakhala pafupi kufa, munthu aliyense angathe kulibatiza pomwepo, polithira madzi pamutu m'dzina la Utatu Woyera ndi cholinga chochita zimene Mpingo umachita, kwinaku ena akufunafuna njira yopitira kuchipatala.

Pali maulendo ena amene chikuta sichiyenera kuwaletsa. Masiku ano amai ambiri amachirira kuchipatala, motero ulendo woyamba wa khanda ndi wobwerera kumudzi. Pambuyo pake akatswiri a zaumoyo amalangiza kuti mai ndi mwana aonedwenso pa tsiku lachitatu, kenaka pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata 6. Pobadwa khanda limalandira katemera wa BCG woteteza ku chifuwa chachikulu ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 limalandira akatemera oteteza ku chifuwa chokoka mtima, kafumbata, matenda a chiwindi, chibayo ndi matenda oumitsa khosi. Katemera wa chibayo adayamba kuperekedwa m'Malawi m'chaka cha 2011, ndipo wa rotavirus, woteteza ku kutsekula m'mimba, adayamba mu 2012. Amene amaganiza kuti matenda akale adatha akumbuke kuti mu Febuluwale 2022 boma lidalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe adapezeka ndi poliyo, patapita zaka pafupifupi 30 matendawa asakuoneka m'dziko muno. Tidziwenso kuti katemera woyamba samaliza ntchito tsiku lomwelo. Chitetezo chimamangidwa pang'onopang'ono, monga nyumba imene imakwera mzere ndi mzere, motero miyezi itatu yoyamba yonse ndi nthawi yochenjera.

Ulendo wina wosafunika kudikira kuti kuche ndi wa khanda limene laonetsa zizindikiro zoopsa. Likaleka kuyamwa, likatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, likamapuma mofulumira kufika ka 60 pa mphindi imodzi, pachifuwa pakamalowa m'kati popuma, likakomoka kapena kugwedezeka thupi, likangoti lefu osatakataka, zikhatho ndi mapazi zikasanduka zachikasu, kapena pamchombo pakafiira ndi kutuluka mafinya, nyamukani nthawi yomweyo. Musayambe mwalimwetsa mankhwala otsala a mkulu wake, ndipo musadikire msonkhano wa banja.

Tsono nthawi yotuluka ikafika, tiyende motani? Choyamba tisiyanitse kutuluka panja ndi kulowa m'gulu. Kukhala ndi khanda pakhonde kapena pamthunzi wa mtengo m'mawa, kapena kuyenda nalo pang'ono m'njira yopanda fumbi, nkwabwino kwa mwana ndi kwa mai yemwe. Choopsa ndi malo othithikana ndi otsekeka, kumene anthu ambiri akupumirana mpweya: m'minibasi yotseka mawindo, m'nyumba ya siwa usiku wa maliro, m'holo ya ukwati, pakati pa msika. M'masabata 6 oyamba malo otere tiwapewe ngati nkotheka. Ngati nkosatheka, tikhale kufupi ndi khomo kapena zenera, kutali ndi amene akutsokomola, ndipo tisakhalitse. M'tchalitchi momwe, mai wa khanda asachite manyazi kukhala pa benchi la kumbuyo kapena kutuluka panja pamene mwana afuna mpweya.

Kavalidwe katsate nyengo. M'mphepo ya Juni ndi Julaye ku Dedza, kapena chiperoni chikatsika ku Thyolo ndi ku Mulanje, khanda lifunika chipewa, masokosi ndi chofunda chimodzi choposa chimene munthu wamkulu wavala. M'dzuwa la Okutobala ku Chikwawa ndi ku Nsanje vuto limatembenuka: timaona makanda atakulungidwa m'shawelo yaubweya ndi bulangeti pamwamba, thukuta lili kamukamu, chifukwa mai afuna kuti anthu aone kuti mwana wake ali nazo zofunda. Pisani dzanja pachifuwa kapena pakhosi pa mwana. Pakakhala thukuta, chotsani chofunda chimodzi. Nkhope isaphimbidwe konse, ngakhale pofuna kuliteteza ku fumbi kapena ku maso a anthu. Khanda losakwana miyezi 6 lisakhale padzuwa lamasana. Ambulera kapena mthunzi ndiye mankhwala ake. Ndipo kukatentha tisalimwetse madzi. Bere lokha likwanira kwa miyezi 6, malinga liziyamwa pafupipafupi, panjira, pamsika, m'tchalitchi, paliponse pamene lafuna. Mliri wa kolera umene udayamba m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno udatikumbutsa zimene madzi a panjira angathe kubisa.

Kubereka kumbuyo ndi chuma cha mtundu wathu, koma khosi la khanda silitha kunyamula mutu mpaka patapita miyezi itatu kapena inayi. M'masabata oyamba nkwabwino kulinyamula kutsogolo, pamene mai angathe kuliona nkhope. Pobereka, chitenje chigwire mutu bwino, mphuno ndi pakamwa zikhale poyera, ndipo chibwano chisakanikizike pachifuwa, pakuti khanda lotero limabanika mwakachetechete, mai akuganiza kuti lagona. Pa zoyendera tinene mosabisa: njinga yamoto ya kabaza si malo a khanda, pakuti dzenje limodzi la mumseu likwanira kulichotsa m'manja mwa mai. Tikudziwa kuti m'midzi yambiri palibenso china chokwera, ndipo pa matenda a mwadzidzidzi munthu amakwera chimene chilipo. Pamenepo mwana amangidwe bwino pathupi pa mai, ndipo woyendetsa auzidwe kuti ayende pang'onopang'ono. Koma ulendo wongokacheza sufunika kuikapo moyo wa mwana. M'galimoto khanda likhale kumpando wa kumbuyo, ndipo amene angathe kupeza mpando wapadera wa makanda augwiritse ntchito. Tiyesetsenso kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe, chifukwa udzudzu wa malungo umaluma usiku, ndipo kumene tikagone mwana agone m'neti, kutali ndi utsi wa mbaula ndi wa fodya.

Makanda obadwa masiku asanakwane afunika kusamala koposa. Lipoti la padziko lonse la chaka cha 2012 lidaonetsa kuti m'Malawi ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa motere, chiwerengero chimene chidali chokwera kuposa cha maiko ena onse. Kwa ana amenewa pali njira ya kangaroo, imene idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia m'chaka cha 1978: khanda limamangiriridwa pachifuwa pa mai, khungu kukhudza khungu, usana ndi usiku. Bambo nayenso angathe kulandira mkazi wake pa ntchito imeneyi. Mwana wotere asapite pagulu mpaka a chipatala atanena kuti wakhwima.

Zonse tanenazi nzosavuta kuzimva. Chovuta chenicheni chili pakhomo la tchalitchi Misa ikatha. Timaona kawirikawiri mai wachitsikana akutuluka ndi mwana wake woyamba, amai akuimba nthungululu, ndipo khanda likuyamba ulendo wake wa m'manja. Uyu alinyamula, uyo alipsompsona, wina aligwira tsaya ndi dzanja limene langopereka moni kwa anthu makumi asanu, wina alifungatira akutsokomola. Onsewa amachita mwachikondi, ndipo mai uja amangomwetulira mtima uli m'mwamba. Adzakana bwanji? Kwathu kuno kukaniza munthu kunyamula mwana kuli ngati kumnena kuti ndi mfiti, kapena kudzionetsa kuti ndiwe wonyada. Mtengwa wa dzulodzulo sangauze apongozi ake kuti, "Amai, yambani mwasamba m'manja." Chomwecho khanda limalipira mtengo wa ulemu wathu. Ngakhale kachilonda kakang'ono ka pamlomo, kamene kwa munthu wamkulu nkosadetsa nkhawa, kangathe kupatsira khanda matenda oopsa kudzera m'kupsompsona kumodzi.

Popeza mai sangathe kukana, katundu ameneyu tisenze ndife. Ife amene timabwera kudzaona mwana tiphunzire chikondi chodziwa kubweza manja. Tingathe kumuona mlendo ali m'manja mwa mai ake, kumuyamikira, kusiya mphatso yathu ndi kupita. Ngati tapatsidwa kuti tinyamule, tiyambe tapempha madzi ndi sopo tokha, tisanauzidwe. Ngati tili ndi chimfine, chifuwa, zilonda za pamlomo kapena m'mimba mwatsegula, titumize moni ndi kudikira sabata ina, mwana sathawa. Agogo, amene mau awo satsutsidwa, akhale oyamba kunena kuti, "Mlekeni mwanayu, muoneni ndi maso." Abambo nawonso aimirire pamenepa. Mwamuna amene anena mwaulemu kuti, "Pepani, a chipatala atilangiza kuti mwanayu asamanyamulidwe ndi anthu ambiri mpaka atalandira katemera," wachotsa minga panjira ya mkazi wake. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati alidi wathu, timuteteze monga wathu, ngakhale kwa ife eni.

Tisaiwalenso kuti amai ambiri satulutsa makanda chifukwa chofuna. Mai amene patangopita sabata imodzi wabereka mwana kumbuyo kupita kuchigayo, kudambo kapena kukagulitsa tomato pamsika, nthawi zambiri amatero chifukwa palibe wina womutungira madzi kapena wopezera ana ena chakudya. Kumudzudzula mai wotere nkosavuta, koma sikuthandiza khanda. Kale chikuta chinkatheka chifukwa mudzi wonse unkachichirikiza: wina ankasinja, wina ankatola nkhuni, wina ankaphika phala. M'matauni mwathu, kumene banja laling'ono limakhala kutali ndi abale, mudzi umenewo udzachokera kuti ngati si ku mphakati? Mutu umodzi susenza denga. Mphakati umene umadziwa kusonkha pa maliro ungathenso kusonkha manja pa kubadwa: lero uyu atunge madzi, mawa uyo apite kuchigayo, wina aperekeze mai kusikelo, wina angokhala naye kucheza, pakuti mai amene watsekeredwa yekha m'nyumba masabata ambiri angathe kugwidwa ndi chisoni chachikulu chimene nachonso ndi matenda ofunika chithandizo.

Abale athu okondedwa, sitidalembe izi kuti tikuopsezeni, kapena kuti ana athu akulire m'nyumba ngati nkhuku zoweta. Mwana adabadwira anthu, ndipo tsiku lidzafika pamene adzathamanga pabwalo la tchalitchi, akugwa m'fumbi ndi kudzuka yekha. Koma mmera mpoyamba. Masabata owerengeka a kudekha, madzi ndi sopo, chipewa pamutu, bere pa nthawi yake ndi ulendo wa kusikelo wosaphonya, nzinthu zazing'ono zimene banja losauka ndi lolemera lomwe lingathe kukwanitsa ngati anansi aligwira dzanja. Tiyeni tsono, m'mphakati uliwonse, tifunsane sabata ino kuti ndi nyumba iti imene mwafika mlendo, ndipo ndani mwa ife amene akatungeko madzi mawa m'mawa.